Gershom Zuze, Wopirikitsa Ng'ona pa Ubatizo

Alamu anga a Gershom Zuze anapezeka pa maubatizo ambiri kuposa mbusa aliyense kuyambira ku Bangula mpaka ku Makhanga, koma anamwalira madzi a ubatizo asanawakhudze pamutu. Ndikayamba chonchi anthu amaseka, poti amandidziwa kuti Goodwell, Gudu uja wokonza njinga pamsika, pakamwa pake sipatuluka zanzeru. Sekani ndithu, palibe mlandu.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndiye mukapeza pamene cholembera chaterereka mungodumphapo ngati chithaphwi. Koma za a Gershom ndilemba basi. Anakwatira mchemwali wanga Lena, ndipo maulendo onse amene ndinene kutsogoloku ankakhala pakaliyala ya njinga yanga, ine ndikupalasa.

Anabadwira kutsidya kwa Shire, ku Makhanga, kumene mwana amadziwa kupalasa bwato asanadziwe kuvala kabudula. Bambo awo anali othira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo mvula ikachedwa. A Gershom atakula anazisiya zimenezo, ndipo atafunsidwa chifukwa chake anati ufawo ankauona ukututidwa ndi nyerere. Kutchalitchi nakonso sanalowe. Sikuti anali munthu wonyoza, ayi. Mowa wa uchema ankangolawa, mkazi sanamutukulirepo dzanja, maliro a aliyense ankakhala woyamba kugwira khasu. Matenda awo anali amodzi: sankatha kunama. Inu mukumva ngati ndi chinthu chokoma, koma yesani kukhala naye pachibale munthu wotero. Mayi akabwera padoko kudzagula milamba n'kufunsa kuti, "Ndi ya lero?" iwo ankaloza n'kunena kuti, "Iyi ndi ya lero, yotsalayi ndi ya dzulo." Lena ankangogwira kumutu. Ine tsiku lina ndinasoketsa suti ya ukwati wa mnzanga n'kuwafunsa mmene ndikuonekera. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nati, "Ngati mbuzi yolowa m'thumba la feteleza." Sindinawafunsenso kanthu za zovala.

Lena anali wina. Iye ndi tchalitchi anali ngati nsomba ndi madzi, ndipo kwaya ya amayi ankaitsogolera ndi iye. Mpingo wawo sulola ubatizo wa m'beseni kapena wowaza ndi zala. Amati madzi akhale oyenda, ndipo munthu amire yense mpaka tsitsi. Tsono madzi oyenda kwathu kuno ndi Shire, ndipo Shire ali ndi eni ake. Chaka china ng'ona inagwira mbuzi pamalo penipeni pobatizira, ubatizo uli mawa lake. Akuluampingo anakhala pansi. Wina anati, "Tingopemphera, Mulungu atseka pakamwa pa chilombo." Lena anati, "Tipemphere ndithu, koma ine ndikauzanso bambo ake a Ella." Ella ndiye mwana wawo, mmodzi yekha amene anakula.

Ntchito ya a Gershom inayamba choncho. Tsiku la ubatizo ankalawira ndi bwato lawo n'kuzungulira doko lonse, akumenya madzi ndi mphondo, mtengo wautali uja wokankhira bwato, akugwedeza mabango ndi kutakasa namasupuni. Akakhutira ankamangirira bwato, n'kulowa m'madzi mpaka m'chiuno kutsogolo kwa abusa, nkhope kumtsinje, msana kwa Akhristu. Kumbuyo nyimbo, nthungululu, anthu kulira ndi chimwemwe. Iwo maso ali pamadzi, osaphethira. Lamulo linali limodzi, ndipo ngakhale ana ankalidziwa: Gershom akatembenuka n'kuyamba kutuluka, osafunsa, aliyense athawire kumtunda. Zinachitikapo kangapo, ndipo palibe Mkhristu amene anagwidwapo iwo ali m'madzi. Mipingo ina itamva inayamba kuwabwereka ngati nkhwangwa. Opemphera Loweruka, opemphera Lamulungu, ovala zoyera, oimba ndi ng'oma, onse ankatuma munthu kuti, "Kawauzeni a Zuze."

Ine ndinkawaseka. "Alamu, inu muli ngati woitanira minibasi. Tsiku lonse 'Blantyre! Blantyre!', anthu kukwera, inu kutsala pasiteji."

"Woitanira sachita ngozi," ankandiyankha.

"Ndiye Yesuyo simukumufuna?"

"Nkhabe, ayi, sindimukana ine. Koma sindinamuone. Ng'ona ngakhale igone pansi ndimaidziwa, madzi amanena. Za uyu madzi sanandiuzepo kanthu."

Lena akamva ankangoti, "Asiye, Gudu, tsiku lawo lilipo." Sankalimbana nawo. Lamulungu lililonse ankasita malaya awo oyera ndi simbi ya makala n'kuwapachika pamsomali, osanena kanthu. Pobwera kutchalitchi ankawapeza ali pomwepo, n'kuwapinda, n'kuwabwezera m'sutikesi. Zaka ndi zaka. Malayawo anatha ndi simbi, osati ndi thupi.

Kenaka kunabwera namondwe uja wa Freddy, mu Malichi 2023. Za madziwo sindichulutsa, aliyense kuno ali ndi wake amene amamulira. Ruo ndi Shire zinagwirizana n'kukhala nyanja imodzi. Kutacha, anthu a mbali ya kwa a Gershom anali ataunjikana pachulu chachikulu kuseri kwa nyumba yawo, madzi akukwera, bwato lili limodzi. A Gershom anauza Lena kuti akwere. Lena anakweza mayi wapakati ndi ana a eni, nati, "Pitani ndi awa, mundipeza." Atabwerera, anakwezanso Ella ndi khanda lake ndi nkhalamba ina yosaona. "Mundipeza," anateronso. Pobwerera kachitatu, chulu panalibe. Panali madzi okhaokha ofiira, akuthamanga.

Anamufuna. Milungu yathunthu akupalasa, ku Chiromo, m'dambo monse, kutsika mpaka kufupi ndi ku Nsanje. Ankapeza zitseko, ng'ombe zotupa, mitembo ya anthu a eni. Imeneyo ankaibweretsa kumtunda kuti abale aizindikire. Lena sanamupeze. Pomaliza ife abale tinachita monga timachitira munthu akapita ndi madzi: tinadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'chitenje chake, kuliika m'bokosi n'kupita nalo kumanda. Amayi a kwaya anaimba mpaka mawu kusasa. Mbusa wawo, a Edmund, mwamuna wofatsa wa magalasi wochokera ku Thyolo, analalikira mwachidule. Anati, "Tonse tikudziwa kuti m'bokosimu muli nthochi. Lena sali umu. Salinso m'madzi. Lena ali kwa Yesu."

A Gershom, amene chiyambire mwambowo anali atangozolika, anadzutsa mutu. Anthu akubalalika anandigwira mkono n'kundikokera kwa abusa.

"Abusa, mwati ali kuti?"

"Ali kwa Ambuye Yesu, bambo Zuze."

"Mukunena zotonthoza anamfedwa, kapena mukunena malo?"

Abusa anavula magalasi n'kuwapukuta. "Ndikunena malo."

"Ine ndingakafikeko?"

"Aliyense wokhulupirira amafikako."

"Nanga wosakhulupirira?"

Abusa anati, "Njira ndi imodzi, bambo."

"Pyadidi, chabwino," anatero a Gershom. "Anandiuza kuti ndimupeza. M'madzi ndalephera. Ndisonyezeni njira yanuyo."

Kuyambira tsiku limenelo munthu uja anayamba kufuna Yesu monga ankafunira mtembo, dambo ndi dambo, osapuma. Sankafuna chuma, sankafuna machiritso, za moto wosatha sankaziopa. Ankafuna kukafika kumene kuli mkazi wawo, ndipo anali atauzidwa kuti pakhomo pake amalowa wokhulupirira yekha.

Anthu a kutsidya aja anasamutsidwira kumtunda, mbali ya kwathu kuno, pamalo a miyala pamene mtsinje umangouonera patali ngati lamba wotayidwa. Mpingo nawo unasamukira komweko n'kumanga chisakasa cha mapesi. A Gershom analowa kalasi ya ofuna ubatizo. Munthu wa imvi, kukhala pamphasa pakati pa ana a sukulu, mawondo ali m'makutu. Kuwerenga sankadziwa, koma chimene amva kamodzi sichinkatulukanso, moti mayankho ankawanena bwino kuposa anawo. Vuto linkabwera pothera. Mphunzitsi wa kalasi akafunsa kuti, "Mwamva, bambo?" ankati, "Ndamva." "Mwakhulupirira?" "Ndamva."

Anayesa zonse. Atauzidwa za kusala kudya anasala. Ndinawauza kuti, "Alamu, kusala m'chaka cha njala sikuwerengedwa, tonse tikusala. Dikirani tikolole, Mulungu aone kusiyana kwake." Chaka chimenecho anthu ankadya nyika, mizu ija yokumba m'dambo, ndipo iwo ngakhale nyikazo ankazikankhira kwa chidzukulu. Atamva kuti ena amakapemphera kuphiri anakwera phiri, munthu wa m'dambo amene chitunda chachitali chimene ankachidziwa chinali chulu. Anabwerako ndi matuza kumapazi. Ndinawapalasa kupita ku Ngabu, ku Sorgin, kulikonse kumene kwamveka kuti kwabwera mlaliki wamphamvu. Thukuta langa likanakhala lopulumutsa, bwenzi mudzi wonse uli kumwamba.

Ulendo wina tinakafika mpaka ku Nchalo, kwa mneneri wina wa zimkuzamawu zazikulu ngati zitseko. Anthu anandanda pamzere, iye akuwagwira pachipumi, iwo akugwa chagada ngati nzimbe zodulidwa. Anafika pa ine, ndinagwa. Anafika pa a Gershom. Tsono munthu amene waima m'bwato moyo wake wonse mungamugwetse ndi chala? Mneneri anakankha, iwo ali nji. Anakankhanso, ali nji.

"Dzimasuleni, bambo! Musalimbane ndi Mzimu!"

"Sindikulimbana nawo," anatero a Gershom. "Mukakankha kwambiri ndigwa ndithu, koma mukhala mwandigwetsa ndinu."

Anatitulutsa. Pobwerera ndinati, "Alamu, mukanangogwa. Ine ndinagwa ndipo ndinapumitsako miyendo, simukuona mmene ndikupalasira?"

Sanaseke. Tinayenda mtunda ndithu, kenaka ndinamva mawu kumbuyo kwanga. "Gudu, anthu aja amati amamumva mumtima ngati moto. Ine ndikatsinzina ndimangoona madzi ofiira aja. Ndimamuitanatu. Ndimati, ngati mulipo, ngakhale kungotsokomola chabe, ndimve. Koma zii."

Ndinafuna nthabwala, sinabwere. Njinga inalemera ngati ndanyamula matumba a mapira.

Abusa Edmund sanawataye. Ankabwera kunyumba n'kukhala nawo pansi pa mtengo wa masawu, nthawi zina osatsegula n'komwe Baibulo. Tsiku lina ndinawamva akunena kuti, "Bambo Zuze, chikhulupiriro si moto nthawi zonse. Mwina chili ngati kukwera bwato la munthu wina: sudziwa ngati lifika, koma umakwera."

"Ine bwato la munthu ndimayamba ndaligogoda," anatero a Gershom. "Likalira bwino ndiye ndimakwera. Ili ndikugogoda, silikulira."

"Pitirizani kugogoda."

"Sindinasiye."

Chaka chinatha, china n'kulowa. A Gershom anayamba kutsokomola, thupi kutha, mapazi kutupa. Kuchipatala anati ndi mtima. Ella, amene anatenga malo a mayi ake pa kwaya, anayamba kuwaumiriza kuti abatizidwe nthawi isanathe. Tsiku lina anavomera. Anabwera pamalo panga pamsika n'kukhala pa tayala lakutha.

"Ndaganiza, Gudu. Zaka zonsezi ndinkaima m'madzi momwemo koma nditafulatira. Kapena Yesuyo amabwera pamenepo, kumbuyo kwanga, ine maso ali kwa ng'ona. Ndikayang'ana kumene ayang'ana anzanga, mwina ndimuona."

"Ndiye ng'onazo akayang'ane ndani?"

"Iwe."

"Ine? Alamu, ine ndimasamba ndi kapu! Ndikaona ng'ona mudzamva uthenga ndili kale ku Bangula."

"Ukangoima ndi mphondo. Kupirikitsako ndikachita ndekha."

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha koti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Padoko panadzaza anthu ngati pamsonkhano. Sikuti onse anali a mpingo. Asodzi anasiya maukonde, amayi ogulitsa nsomba anasiya malichero, aliyense akufuna kuona Gershom Zuze akumizidwa. A Gershom anatenga bwato n'kuzungulira doko monga kale, akumenya madzi, akuima kuti atsokomole, akumenyanso. Atatha anandipatsa mphondo, n'kukavala mkanjo woyera. Ine ndinalowa mpaka m'mawondo. Anandiuza kuti ndisunthe mpaka m'chiuno. Ndinati m'mawondo mwakwana, ng'ona ikafuna ibwere yokha.

Anawaika oyamba chifukwa cha ukulu. Kumbuyo kwawo, m'madzi momwemo, munandanda anyamata ndi atsikana obatizidwa, ndi madikoni awiri owagwira manja. Kwaya inali pamchenga, Ella patsogolo. Ine ndinkayenera kuyang'ana kumtsinje, koma khosi linkapotoka lokha.

Abusa anaika dzanja limodzi kumsana kwa a Gershom, lina m'mwamba. Kwaya inatsitsa mawu.

"Gershom Zuze, kodi mukhulupirira ndi mtima wanu wonse kuti Yesu Khristu ndiye Mpulumutsi wanu?"

Madzi ankawomba m'mabango.

"Ndikufuna," anatero a Gershom.

"Funso likuti, kodi mukhulupirira?"

"Ndikufunitsitsa, abusa."

Kumtunda Ella anasiya kuimba. "Ababa! Ingonenani kuti inde!"

Abusa anawerama n'kulankhula motsitsa, koma ine ndinali pafupi, ndinamva. "Ngakhale pang'ono, bambo. Ngakhale kochepa ngati kanjere ka mchewere. Yang'anani bwino mumtimamo. Sitikuthamangira kulikonse."

A Gershom anatsinzina. Anakhala choncho nthawi yaitali, nkhope itakwinyika ngati munthu amene akufufuza mbedza yogwera m'matope. Ndikunena zoona, ine wosapempherapemphera ndinapezeka ndikunong'ona kuti, tsokomolani, Ambuye, tsokomolani. Kenaka anatsegula maso.

"Ndafufuza. Mulibe."

Abusa anapumira m'mwamba. "Ndikakumizani chonchi, ndikhala ndangokusambitsani."

"Ande, ndikudziwa. Musadzivute, abusa. Mwayesetsa."

Anachotsa dzanja la abusa kumsana kwawo mwaulemu, anatembenuka, n'kuyamba kutuluka m'madzi.

Tsono kumbukirani lamulo lija. Zaka zonse zija anthu anaphunzira chinthu chimodzi: Gershom akatembenuka, thawa. Kumtunda sanamve zimene zinakambidwa, anangoona Gershom akutuluka. Mayi wina anakuwa, "Ng'onaaa!" Basi, kunali chipwirikiti. Atsikana obatizidwa anapondana, dikoni wina anakwera pamsana pa mnzake, kwaya inamwazikira m'mabango ng'oma ikugubuduzika yokha. Ngakhale abusa, amene anamva zonse ndi makutu awo, miyendo inawathawitsa mutu usanaganize, magalasi n'kugwera m'madzi. Za ine musafunse. Mlonda ndinali ine, koma amene anayamba kufika kumtunda ndinalinso ine, mphondo nditaitaya.

Titaima patali tinayamba kuyang'ana chilombocho. Kunalibe. Mtsinje unali phee. M'madzi munatsala munthu mmodzi yekha, akuyenda pang'onopang'ono, mkanjo utamatirira m'nthiti, mutu uli gwa, wouma. Anatola mphondo imene inkayandama, anafika pamchenga, n'kutiyang'ana tonse modabwa.

"Kulibe ng'ona," anatero. "Ndine chabe."

Asodzi ena anayamba kuseka, koma kusekako kunazima kokha. Ella anakhala pansi pamchenga n'kudziphimba kumutu ndi chitenje. Ana obatizidwa aja anakana kulowanso m'madzi, ndipo ubatizo unalephereka tsiku limenelo.

Zotsatira zake zinali zowawa. Kunamveka kuti a Zuze ali ndi ziwanda. Ena anati ali ndi mankhwala a ng'ona amene salola madzi opatulika, ndipo n'chifukwa chake zilombozo zinkawamvera. Anthu omwewo amene anabatizidwa msana wa a Gershom ukuwatchinga anayamba kuwalambalala panjira. Mipingo inasiya kuwaitana. Ina inayamba kubatizira m'thamanda la kumtunda, ina kulemba anyamata oponya miyala. Koma Lamulungu lililonse, malinga miyendo ikalola, a Gershom ankapita kuchisakasa kuja n'kukhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, makutu ali tcheru ngati munthu amene akudikira kuitanidwa dzina kuchipatala.

Mvula itayamba anagona pamphasa osadzukanso. Apa ndi pamene Ella anawagwira zolimba. Mumpingo wawo muli lamulo lakuti wosabatizidwa mpingo sumuimbira pa maliro. Ine ndinalipo tsiku limene anawagwadira, mwana ali kumsana.

"Ababa, mukufuna tidzakunyamuleni zii ngati mbava yophedwa? Abusa anena kuti angathe kubwera ndi anthu, tikunyamuleni mpaka kumtsinje. Mawu amodzi okha, ababa. Inde. Ngakhale mwana uyu amatha kunena."

"Mwanawe," anatero a Gershom, akupumira pakati pa mawu, "ngati Iye alipo, adzadziwa kuti ndanama, ndipo amako adzachita manyazi pamaso pake. Ngati kulibe, ndinamize yani? Ndipindulanji?"

"Mundipindulire ine! Amayi ndinaika nthochi. Inunso ndikuikeni ngati chikuni?"

A Gershom anatembenukira kukhoma. Mapewa awo ankagwedezeka. Chikhalire nawo pachilamu ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a Lena. Koma mawu aja sanawanene.

Masana ena ndinawapeza atawatulutsira pamthunzi. Ndinabwera ndi mango ndipo ndinayamba zanga, kuti mwina aseke. Ndinati akachira ndidzawaphunzitsa kukonza njinga, poti ntchito ya ng'ona ndawalanda ine. Iwo anandidula mawu.

"Gudu, iwe unamupeza?"

"Ine ndi Iye, alamu, tili ngati ine ndi a DC. Ndimamva kuti alipo kuboma, ndipo galimoto yawo ikamadutsa ndimavula chipewa. Sindinalowepo mu ofesi."

"Ndipo zimakukwanira?"

"Zimandikwanira."

"Wodala iwe," anatero, osati monyoza ayi. Ananena ngati mmene wanjala amanenera kwa munthu wokhuta.

Abusa anabweranso kotsiriza, atavala magalasi atsopano. Anakhala pansi pamphasa pomwepo n'kuwagwira dzanja. Sanawakakamize. Anangofunsa kuti, "Bambo Zuze, lero zili bwanji mumtimamo?"

"Chimodzimodzi, abusa. Ndikugogodabe. Ngati kufuna kuli kokwanira, ndakwanira. Ngati si kokwanira, ndatsala."

"Ndikupempherereni?"

"Pempherani. Inu amakumvani kapena. Mumuuze kuti Gershom wa Lena anamufuna."

Anamwalira m'mawa wina dzuwa litakwera, Ella atapita kumjigo. Pobwera anapeza atatsamira khoma, maso ali kuchigwa.

Akuluampingo anakumana. Ndinamva kuti abusa anawapempha kuti alole ngakhale nyimbo imodzi, poti munthuyu anatumikira mpingo zaka zambiri. Akuluwo anati anatumikira ndi mphondo, osati ndi mtima, ndipo anakana Ambuye pamaso pa gulu, masana dzuwa likuswa mtengo. Akalola apa, mawa aliyense adzafuna. Sindiwada. Lamulo ndi lawo, ndipo a Gershom eniake akanakhalapo akanati akuluwo akunena zoona.

Maliro opanda nyimbo, ngati simunawaonepo, musafune kuwaona. Anthu anabwera ambiri. Amayi a kwaya anabwera, koma atavala zitenje wamba, milomo atatseka. Abusa anabwera opanda kolala, ngati mnansi chabe, ndipo anasenza nawo bokosi limodzi ndi asodzi mpaka phewa kufiira. Njira yonse ya kumanda kunkangomveka mapazi pamiyala, kutsokomola kwa nkhalamba, ndi mbuzi kulira kutali. Mayi wina anayamba kung'ung'udza kanyimbo kukhosi mosazindikira, mnzake anamugunda ndi chigongono, n'kusiya. Kumanda ankamveka ndi makasu okha. Ine amene pa maliro alionse ndimakhala ndi adzukulu okumba manda n'kumawaseketsa, tsiku limenelo ndinangogwira fosholo.

Titatha kukwirira, anthu akutembenuka, Ella anaima kutsogolo kwa abusa. Sanalire. Anafunsa ndi mawu ouma.

"Abusa, pa maliro a amayi munanena malo. Nenaninso lero. Ababa ali kuti?"

Abusa anayang'ana mulu wa dothi uja. "Sindikudziwa, mwana wanga. Woweruza sindine."

"Akumana ndi amayi kapena sakumana?"

"Sindikudziwa."

Anatembenukira kwa ine. "Amalume, inu simusowa chonena. Nenani."

Ndinatsegula pakamwa. Ndikanatha kunena kuti akumana, akudya limodzi pompano, Lena akuwakalipira chifukwa chochedwa. Mawuwo anali pa lilime. Koma nditaima pamutu pa manda a munthu ameneyo, anakanirira. Ndinangogwedeza mutu.

Ella anamanga mwana wake bwino kumsana n'kutsogola yekha kubwerera kumudzi.

Kutchalitchi amapitabe. Lamulungu lililonse amasamba, amavala, amafika nthawi yabwino. Koma kwaya anaisiya, ndipo amayi anzake atabwera kudzamupempha kuti abwerere anawayalira mphasa, anawamvetsera mpaka kumaliza, n'kuwaperekeza. Nyimbo ikayamba amaimirira pamodzi ndi onse, manja atapinda pachifuwa. Pakamwa satsegula.